Musanakhale pa Mpando wa Uhedi: Malangizo kwa Aphunzitsi a ku Chisemphere

Mphunzitsi aliyense wa ku Chisemphere amaudziwa bwino mwezi wa Febuluwale. Rejisita imene inali yodzaza mu Seputembala imayamba kuonetsa mipata. Ana ena ali m'munda kuthyola fodya, ena akhala pansi pa chigafa kusoka masamba, ena atsagana ndi makolo ku ganyu kuti pakhomo papezeke kaufa, ena mtsinje wadzaza sangawoloke. Mphunzitsi mmodzi wapita ku boma kukalondola za malipiro ake, wina ali kumaliro. Mphepo yasasula denga la Sitandade 2. Nyengo imeneyi ndiyo imaonetsa poyera ngati sukulu ili ndi mtsogoleri kapena ili ndi munthu wongosunga makiyi a ofesi.

Malangizo awa ndikulembera inu amene mukuphunzira za utsogoleri wa sukulu, kaya mwaitanidwa ku maphunziro a ahedi ku TDC (malo ophunzitsira aphunzitsi mu zoni), kaya mwangopatsidwa kumene udindo woyang'anira chigawo kapena wokhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: hedi amagwira ntchito kudzera mwa anthu ena, ndipo anthuwo sawalipira ndi iye, sangawachotse ntchito, ena sangawalamule n'komwe. Aphunzitsi amalembedwa ndi boma. A komiti amasankhidwa ndi makolo. Mafumu ali ndi mipando yawo. Hedi chimene ali nacho ndi luso lochititsa anthu onsewa kugwirana manja, ndipo luso limeneli limachita kuphunziridwa.

Kwa zaka zambiri lusoli silinkaphunzitsidwa. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anatsegulidwa pansi pa mitengo, ndipo m'malo ambiri mphunzitsi wokhalitsa ankangouzidwa kuti kuyambira mawa ndinu ahedi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pulogalamu ya MSSSP inamanga ma TDC m'mazoni n'kuyamba kuphunzitsa ahedi ndi alangizi a zamaphunziro, aja timati ma PEA. Kuyambira 2016 kunabwera ntchito ya MESIP, yothandizidwa ndi Global Partnership for Education kudzera ku World Bank, imene inakonza maphunziro a utsogoleri m'maboma 8 a zamaphunziro, ndipo Kasungu inali m'gulumo. MERP, imene inabwera pambuyo pake, inapitiriza maphunzirowa. Mukayang'ana bwino muona kuti sankaitana hedi yekha: ankaitananso wachiwiri wake ndi mlangizi wa zoni. Anazindikira kuti munthu mmodzi akaphunzira yekha n'kubwerera kusukulu kumene anzake sakudziwa chimene akunena, zimene waphunzirazo zimathera m'fayilo.

Yambani musanalandire kalata

Musadikire kusankhidwa. Pemphani ahedi anu akupatseni ntchito zimene ena amazizemba: kukonza taimutebulo, kulemba mfundo za msonkhano, kuwerenga mabuku m'chipinda chosungira katundu, kulembetsa ana a Sitandade 8 mayeso a MANEB. Iliyonse mwa ntchito zimenezi imakukakamizani kupempha kanthu kwa anzanu mulibe mphamvu yowalamula, ndipo umu ndi mmene mudzagwirire ntchito pa uhedi wanu wonse.

Zolowereninso mabuku a mu ofesi: buku lolembera ana atsopano, taimu buku, logi buku, buku la katundu ndi buku la ndalama. Kuwadzaza n'kosavuta, chofunika ndi kudziwa kuwawerenga. Taimu buku ikaonetsa kuti mphunzitsi wina amachedwa Lolemba lililonse, funsani kuti Lamlungu amagona kuti. Mwina banja lake lili ku Nkhamenya kapena ku Kasungu chifukwa pasukulu palibe nyumba, ndipo amadalira kabaza wam'mawa. Mukadziwa zimenezi mudzalankhula naye mosiyana ndi mmene mungalankhulire ndi waulesi. Pezaninso kabuku ka National Education Standards ka 2015, kamene kali ndi mfundo 26 zimene oyendera sukulu amayezera nazo ntchito. Kawerengeni muli mphunzitsi wamba, n'kumadzifunsa kuti sukulu yanu ili pati pa mfundo iliyonse.

Ku maphunziro, pitani ndi sukulu yanu m'chikwama

Tsiku lopita ku maphunziro lisanafike, lembani papepala chiwerengero cha anyamata ndi atsikana m'kalasi iliyonse, angati akubwereza, angati anasiya chaka chatha ndiponso anasiya mwezi uti, ndi zotsatira za mayeso a PSLCE za zaka zitatu. Lembaninso kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati poyerekeza ndi 60 amene unduna umafuna. Wophunzitsa akamafotokoza za ndondomeko yotukulira sukulu, inu muzidzaika manambala anuanu m'malo mwa zitsanzo za m'buku.

Ntchito za m'magulu musazione ngati zongotayitsa nthawi. Pamenepo ndi pamene mungadzione mmene mulili. Ngati cholembera chimangopezeka m'manja mwanu nthawi zonse, chiperekeni kwa wina, inu muyese kutsogolera pofunsa mafunso. Ngati ndinu uja wongokhala phee n'kumagwedeza mutu, dzikakamizeni kukaimirira kutsogolo kufotokoza zimene gulu lakambirana. Yang'anani amene sanalankhule, kawirikawiri amakhala aphunzitsi aakazi kapena achichepere, ndipo afunseni mowatchula: “Madamu, kusukulu kwanu zimenezi mumatani?” Chizolowezi chimenechi mudzachifuna pa msonkhano uliwonse wa aphunzitsi.

Tonse tikudziwa kuti nkhani ya alawansi imatha kudya theka la tsiku loyamba. Ndi ufulu wanu kuifunsa, koma sankhani anthu awiri akaitsatire, otsalanu mupitirize. Musanabalalike, tenganani manambala a foni ndi ahedi a sukulu zoyandikana nanu. Amenewa ndiwo adzakubwerekeni choko chikatha, ndipo ndi okhawo amene mungadzawafunse mosachita manyazi kuti fomu yakutiyakuti imadzazidwa bwanji. Mukabwerako, sabata lomwelo khalani pansi ndi aphunzitsi onse muwafotokozere zimene mwaphunzira, ndipo musankhire limodzi zinthu ziwiri kapena zitatu zoyamba nazo. Zikachuluka palibe chimene chimachitika.

Masabata oyamba, khutu litsogole

Mukapatsidwa sukulu, musafike ndi tsache. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chezani ndi mphunzitsi aliyense payekha, ngakhale kwa mphindi zochepa, mumufunse chimene chikuyenda bwino, chimene chikumusowetsa mtendere ndi chimene angakonde kuyang'anira. Yambani ndi wachiwiri wanu. N'kutheka kuti mpando mwakhalapowo ankauyembekezera ndi iye, ndipo mwina wagwirizira udindowo kwa miyezi yambiri. Muuzeni maso ndi maso kuti mukumudalira, kenako muonetse zimenezo pomupatsa ntchito yooneka.

Pitani mukaonekere kwa anyakwawa ndi agulupu kunyumba kwawo, muli ndi wapampando wa komiti ya sukulu, musanawalembere kalata yowaitanira ku msonkhano uliwonse. Kumpoto kwa Kasungu kuno Chichewa ndi Chitumbuka zimakhalira limodzi. Ngati mwachokera kutali, phunzirani kupereka moni ndi kuthokoza m'chilankhulo cha eni mudzi. Ngati sukuluyo ndi ya mpingo, kaonekereninso kwa abusa kapena ansembe.

Gawani ntchito, ndipo mukagawa musalandenso

Wachiwiri wanu ndi akulu a zigawo, cha ana aang'ono, chapakati ndi cha akuluakulu, ndiwo gulu lanu loyamba. Kumanani nawo sabata iliyonse tsiku lodziwika, ngakhale kwa theka la ola. Popereka ntchito nenani zinthu zitatu momveka: chofunika kuchitika n'chiyani, chithe liti, ndipo munthuyo ali ndi mphamvu yogamula mpaka pati. Ahedi ambiri amagwa apa. Amauza mkulu wa chigawo kuti aziona masikimu ndi mapulani a phunziro, koma mphunzitsi akakadandaula ku ofesi, hedi amasintha chigamulo mkulu wa chigawoyo asakudziwa. Zikachitika kawiri, palibenso amene amamumvera, ndipo ntchito yonse imabwerera patebulo la hedi. Ngati wolandira ntchito walakwitsa, mukonzeni muli awiri, ndipo akasinthe yekha chigamulocho.

Chigamulo chachikulu kwambiri chimene mudzapange chaka chilichonse ndi chogawa makalasi. Chizolowezi chathu n'chakuti aphunzitsi aluso onse amaunjikana ku Sitandade 8, chifukwa dzina la sukulu limamveka ndi ana osankhidwa kupita ku sekondale, pamene Sitandade 1 ya ana oposa 100 imasiyidwa kwa mphunzitsi mmodzi, nthawi zina wongofika kumene kuchokera ku Kasungu TTC kapena koleji ina. Ine ndimati kumeneko n'kuwalakwira ana. Mwana amene wafika Sitandade 4 osadziwa kuwerenga sadzafika n'komwe ku Sitandade 8 kumene mwaikako akatswiriwo. Pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016, inalunjika makalasi oyambirira pa chifukwa chomwechi. Ndipo kuno mwana wina amalowa Sitandade 1 akulankhula Chitumbuka chokha, buku lili m'Chichewa. Amafunika mphunzitsi woleza mtima wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Koma musalengeze kusinthaku ngati lamulo. Lembani pabolodi chiwerengero cha obwereza m'kalasi iliyonse, aphunzitsi aone okha pamene ana akuthera, kenako muwafunse kuti titani. Inunso tengani phunziro limodzi m'makalasi aang'onowo. Hedi amene amagwira choko savutika kupempha ena.

Polowa m'kalasi ya mnzanu kukaona mmene akuphunzitsira, muuziretu tsiku, ndipo mugwirizane chinthu chimodzi chimene mukayang'ane. Mukatuluka, ayambe iye kunena mmene waonera phunziro lake. Nanunso muitaneni adzaone lanu.

Misonkhano

Mfundo zokambirana zidziwike dzulo lake. Yambani pa nthawi ngakhale ena asanafike. Mfundo iliyonse ithe ndi dzina la munthu ndi tsiku, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa ngati zinachitika. Inu muzilankhula pomaliza, chifukwa hedi akayamba kunena maganizo ake, ena onse amangoti “zili bwino”, n'kukatsutsira panja.

Konzani chaka moyang'ana munda

Apa ndi pamene buku la maphunziro silingakuthandizeni mokwanira, chifukwa linalembedwera dziko lonse. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, nthawi imene alimi ali kalikiliki ndi nazale. Mvula ikagwa kumapeto kwa teremu yoyamba, kumakhala kuwokera. Teremu yachiwiri imagwera pa kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'zigafa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene nkhokwe zimakhala zitauma. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, cha mu Epulo, ndalama zimayamba kuoneka m'midzi, ndipo mabanja amene anabwera kudzagwira ntchito m'maesiteti amatha kusamuka ndi ana awo chaka chisanathe. Hedi wa ku Chisemphere amene sakuidziwa kalendala imeneyi adzangodabwa chaka ndi chaka.

Choncho msonkhano wokambirana za kujomba uchitike mu Okutobala kapena Novembala, ana asanayambe kusowa. Itanani komiti ya sukulu, PTA, amayi a Mother Group ndi mafumu. Aonetseni rejisita ya chaka chatha mwezi ndi mwezi, mudzi ndi mudzi. Kenako gawanani ntchito. Mphunzitsi wa kalasi azipereka kwa mkulu wa chigawo, Lachisanu lililonse, mayina a ana amene ajomba masiku atatu otsatizana. Amayi a Mother Group ayendere makomowo, chifukwa mayi amauza mayi mnzake zimene sangauze ahedi: kuti mtsikana alibe chodzisamalira nacho pa nthawi yake ya mwezi, kuti pakhomo agona ndi njala, kuti pali mwamuna amene wayamba kubwera ndi sopo ndi tindalama. Nkhani ikakanika, ipite kwa anyakwawa, amene ali ndi mphamvu imene inu mulibe.

Malamulo ali kumbali yanu, ndipo muyenera kuwadziwa. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linati mwana aliyense ayenera kuphunzira pulayimale. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe, ndipo mu 2021 linasinthidwa n'kuthetsa ulimi wa matenanti. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Koma musayambe ndi kuopseza. Kholo limene latenga mwana kupita naye ku chigafa silidana ndi sukulu; fodya akapsa sadikira, ndipo ndalama yolipira waganyu palibe. Afotokozereni zimene ambiri sadziwa: masamba aawisi a fodya, makamaka onyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo n'chifukwa chake mwana amachita chizungulire, mutu ndi nseru akachoka kumunda. Pemphani wazaumoyo wa m'deralo adzanene yekha zimenezi, ndipo mlangizi wa zaulimi akhalepo. Akamva kwa anthu atatu osiyana, makolo amaiganizira nkhaniyo.

Mwana wa m'banja lochokera kutali akafika pakati pa chaka wopanda kalata yosamukira, mulandireni kaye, za mapepala muzilondola ali m'kalasi. Mtsikana amene anachoka chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera. Ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993. Chimene chimavuta ndi chipongwe cha anzake, nthawi zina cha aphunzitsi amene, ndiye konzekeretsani kalasi ndi aphunzitsi iye asanafike.

Nkhani zofuna zopereka kapena ntchito ya manja, monga kuumba njerwa ndi kututa mchenga, zikonzereni nyengo yokolola ikadutsa, pamene anthu ali ndi mpata komanso kangachepe m'thumba. Kuitanitsa makolo kudzaumba njerwa mu Januwale n'kudzipezera adani chabe.

Ndalama zikhale pabwalo

Palibe chimene chimapasula mgwirizano msanga kuposa ndalama. Thandizo la SIG limene boma limapereka ku sukulu za pulayimale limayendera ndondomeko yotukulira sukulu, ndipo ndondomekoyo imayenera kukonzedwa ndi aphunzitsi, makolo, mafumu ndi ana omwe. Musailembe nokha usiku n'kukapempha wapampando kuti angosaina. Ndalama ikalowa, lembani papepala lalikulu kuti yalowa ingati ndiponso tsiku lanji, mulimate panja pa ofesi pamene aliyense angawerenge. Mukagula zinthu, matani pomwepo mndandanda wa zogulidwa ndi mitengo yake. Pokagula musapite nokha, ndipo katundu akafika alandiridwe ndi munthu wina amene sanapite nawo kogula, alembe m'buku. Lisiti iliyonse isungidwe.

Ndalamayi nthawi zina imachedwa. Ikachedwa, auzeni makolo msanga, chifukwa mukakhala chete adzaganiza kuti inabwera ndipo mwadya. Musabwereke ndalama ya sukulu, ngakhale pa maliro, ngakhale mukudziwa kuti mubweza pakutha pa mwezi. Musabwereketsenso aphunzitsi. Ngati msungichuma wa komiti savutika ndi chilungamo koma amavutika ndi kulemba, khalani naye pansi mumuphunzitse buku la ndalama; musamulande bukulo.

Pamene mnzanu walakwa

Tsiku lidzafika loti mudzudzule munthu amene munkadya naye nsima mbale imodzi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mphunzitsi wojomba kapena wobwera ataledzera muitaneni muli awiri, pasakhale ana kapena makolo. Nenani zimene mwaona ndi masiku ake, monga zalembedwera m'taimu buku, osati zimene mwamva. Mumvereni, mugwirizane chimene asinthe ndi tsiku lodzaonanso. Zikapitirira, muchenjezeni pamaso pa wachiwiri wanu ndipo mulembe. Zikapitirirabe, kalata ipite kwa a PEA. Mukalumpha masitepe amenewa, nkhani imakagwera inu. Mukawazengereza, aphunzitsi olimbikira amafooka, chifukwa ndiwo amanyamula makalasi a wojombayo.

Pali nkhani imodzi imene ilibe kukambirana: mphunzitsi wochita chibwenzi ndi mwana wa sukulu kapena womugwirira. Imeneyi siithera mu ofesi mwanu, siithera pabwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku, ndipo kupempha kuti munthuyo angosamutsidwa n'kupereka ana a sukulu ina m'manja mwake. Dziwitsani a PEA ndi ofesi ya zamaphunziro ya boma tsiku lomwelo, nkhani ifike kupolisi ndi kwa oteteza ana, ndipo mwanayo aperekezedwe kuchipatala ndi munthu wamkazi amene amamukhulupirira.

Musaiwale kuyamika. Mphunzitsi amene ana ake ayamba kuwerenga mutchuleni pa asembule ndi pa msonkhano wa makolo, ndipo mwayi wa maphunziro ukabwera ku zoni, uzizungulira, usamangogwera anthu omwewo.

Phunzitsani wodzakhala pampando wanu

Mukamachoka kupita ku TDC kapena ku boma, siyani sukulu m'manja mwa munthu womutchula dzina pamaso pa onse, ndipo mulembe m'logi buku. Mukabwerako, mufunseni zimene wagamula ndi chifukwa chake. Teremu iliyonse lolani mkulu wa chigawo mmodzi atsogolere msonkhano wa aphunzitsi inu mutakhala pambali, ndipo aphunzitsi aakazi akhale m'gulu la olandira mwayi umenewu, popeza sukulu zambiri za kumudzi kuno atsikana amamaliza Sitandade 8 osaonapo mayi akutsogolera. Amene akuonetsa chidwi alimbikitseni kukweza maphunziro ku Domasi kapena ku Nalikule, ndipo amene ali kale ndi digiri adziwe kuti Mzuzu University ndi University of Malawi ku Zomba zili ndi maphunziro apamwamba a utsogoleri wa zamaphunziro. Akafuna kalata yowachitira umboni, alembereni sabata lomwelo, nthawi yotumizira mafomu isanathe.